Wapampando Ayambe Walawa

Pa yunivesite yathu chinthu sichiyamba ntchito chisanadulidwe riboni. Lamulo limeneli silinalembedwe paliponse, koma ndi lolimba kuposa onse olembedwa. Tidaonapo chimbudzi chatsopano cha ophunzira chikukhala chokhoma mpaka utoto kusuwa, anyamata akuthamangira kuthengo, chifukwa wodzadula riboni anali asanapeze tsiku. Ndiye musadabwe kumva kuti makina a Dokotala Konadu Twumasi, amene mayiyu anawamanga ndi manja ake m'chipinda chimene kale chinkasunga mipando yothyoka, sakanaloledwa kuthandiza wodwala ndi mmodzi yemwe asanabwere munthu wa sizasi.

Ntchito ya makinawo inali kukonza mpweya wina wotchedwa zenoni, kuti wodwala akaukoka mapapo ake aoneke pa sikana ya kuchipatala. Konadu ankawafotokozera amalume ake motere. Pakatikati pa kanthu kalikonse kakang'onong'ono ka mpweyawo pali kaphata kozungulira ngati nguli. Nguli zimenezi mwa chibadwa chawo iliyonse imaloza kwake, ndipo sikana ikatchera khutu siimva kanthu, monga mmene sungamvere mawu a munthu mmodzi pamsika wa Kejetia. Tsono iye ankatenthetsa kachitsulo kofewa kotchedwa rubidiyamu m'botolo lagalasi mpaka kachite nthunzi, n'kuwalitsira nthunziyo kuwala kwa leza. Kuwalako kumafoletsa rubidiyamu kuti aloze kumodzi, ndipo iyenso pogundanagundana ndi zenoni amapatsira nguli zija mwambo womwewo. Zikaloza kumodzi sikana imazimva, n'kujambula paliponse pamene mpweya wafika m'chifuwa. Pamene sunafike pamatsala mdima.

Vuto lake nguli zimenezi n'zoiwalaiwala. Ukangozimitsa leza zimayamba kubwerera ku khalidwe lawo lakale, ngati ife ogwira ntchito m'maofesi bwana akatuluka pageti.

Amalume akewo, a Agyekum, anali mlongo wa malemu mayi ake, ndipo ndiwo anamulera. Moyo wawo wonse anaphwanya miyala kukwale, ndipo sukulu yonse ya Konadu, kuyambira pulaimale mpaka tsiku limene anakwera ndege kukaphunzira kunja, inatuluka m'miyalamo. Fumbi lake ndilo linatsala m'chifuwa. Bambo amene kale ankanyamula thanthwe paphewa tsopano ankaima panjira kuti apume pochoka kuchipinda kupita pakhonde.

Dokotala Akpene, mnzake wa Konadu wa kuchipatala cha yunivesite, katswiri wong'amba zifuwa, sanapite m'mbali.

“Phapo lakumanjali lili ndi mbali yofunika kuchotsa,” anatero. “Koma ine sindidula munthu nditatsinzina, chemwali. Ndikachotsa poipapo, kodi kotsalako kawanyamula bambowa, kapena ndiwaphera patebulo? Ekisileyi ikungondionetsa chifunga. Iwe undionetse pamene mpweya ukufika, mawa lake ndinola mpeni. Koma fulumira. Hamatani, mphepo youma ya kumpoto ija, ikawomba ndi fumbi lake, amalume akowa sawoloka.”

Kufulumira Konadu ankafuna. Koma zenoni sagulitsa pagolosale. Amabwera pa sitima ya pamadzi m'botolo lachitsulo, ndipo asanakwere sitimayo amayenera kudutsa m'makomiti athu. Wa m'botolo loyamba anali atathera kuyesa makina, kotero kuti wotsala anali wongokwana kathumba kamodzi, mpweya wokoka kamodzi basi. Pempho la botolo lina linali likuyenda kuchoka pa desiki ina kupita pa ina, ndipo odziwa mayendedwe ake ankati likamadzafika, mwana wobadwa lero adzakhala akuthamangitsa nkhuku.

Nzeru imene anapeza Konadu inali yakuti amalume ake ajambulidwe tsiku lomwelo lodula riboni, ngati chionetsero. Akuluakulu anavomera msanga, pakuti wodwala weniweni amakongoletsa chithunzi cha m'nyuzipepala. Wodzadula riboni anali Pulofesa Ofosu-Baah, wapampando wa khonsolo ya yunivesite. Anali wapampandonso wa komiti yotsimikiza anthu pa ntchito, ndipo ntchito ya Konadu inali isanatsimikizidwe.

Tsikulo kunacha thambo litayamba kutuwa chakumpoto, milomo ya anthu ikuuma. Pabwalo la pakati pa chipinda cha Konadu ndi chipatala anazika matenti. Mipando yapulasitiki anaiveka nsalu zoyera ngati akwatibwi, oimba ng'oma za gule wa adowa anali akuwamba zikopa padzuwa, ndipo kumbuyo kwa tenti kunali miphika ya mpunga wa jolofu, ya gawo lomaliza la pulogalamu, lija aliyense amabwerera koma palibe amalitchula.

A Lamptey, mkulu woona za miyambo ya yunivesite, bambo wowonda wa suti yakuda, anafika pakhomo pa Konadu ndi mpukutu wa riboni.

“Dokotala, muli mkati kapena kunja? Sankhani pompano, ndikumanga.”

“Mkati, bambo Lamptey. Koma mpweya ukapsa ndituluka nawo.”

“Mutulukira pati? Pansi pa riboni? Ine ndili moyo? Ha! Mudikira sizasi ngati wina aliyense. Wapampando akadula, mubwera nako kathumba kanuko, muwapatsa iwowo, iwo apereka kwa wodwala, ajambulidwa, kenako muzipita kuchipatala kwanuko. Komanso tisamvane molakwika. Makinawa panopa simukuwagwiritsa ntchito ayi. Mukungowatenthetsa.”

“Ndikungowatenthetsa.”

“Eya! Sukulu inakuthandizanidi inu.”

Anamanga riboni mopingasa pakhomo, mfundo yake ngati duwa, ndipo dokotala wa sayansi amene anawoloka nyanja anatsekeredwa m'chipinda ndi kansalu kopyapyala ngati lamba wa diresi.

Patapita kanthawi pawindo panaoneka nkhope ya a Agyekum. Anali atavala nsalu yawo yoyera ya pachisangalalo, yoponyera paphewa, ndi nsapato zachikopa zimene ankasungira maliro a anthu otchuka. Anagwira zitsulo za pawindo n'kudikira kuti mpweya ubwerere.

“Akutsekera?” anafunsa akuseka. “Waba chiyani?”

“Amalume, mukanakhala pansi. Mwakumbukira zija tinayeserera? Mutulutse mpweya wonse, kenako mukoke wa m'kathumba wonse kamodzi, mugwire mpaka Akpene anene. Kathumbako ndi kamodzi, amalume. Kakatha, katha.”

“Ndamva, iwe, ndamva! Wandiuza mpaka makutu atupa. Ukundiyesa mwana wa mkaka? Ine ndinkayatsa zophulitsira miyala iwe ukudya dothi.” Anasuzumira mkati. “Ndiye nguli zako zija zafola?”

“Zikufola.”

“Uziuze kuti mwini wake wavala nsalu yoyera, zisandichititse manyazi.”

Konadu sanali mlendo pa yunivesite yathu. Ankadziwa kuti nthawi yolembedwa pa pulogalamu ndi ya osauka, ndipo anali atawerengera bwinobwino kuchedwa kwa wapampando, pemphero lotsegulira, ndi gule. Ankadziwanso kuti leza ikakhala chiyakire, nguli zimakhala chifolere, ngakhale akuluakulu atayankhula mpaka nkhuku kulowa. N'chifukwa chake anabwereka jenereta, n'kuiika kuseri kwa chipinda. Mtima wake unali m'malo.

Wapampando anafika dzuwa litakwera, ng'oma zinalira, m'busa anapemphera mpaka kupempherera ndi mabotolo omwe. Kenako a Lamptey anaitana mkulu wa nthambi kuti adzaitane mkulu wa sukulu ya sayansi, amene anayenera kudzafotokoza mbiri ya munthu wodzafotokoza mbiri ya wapampando. Aliyense wa iwowa anayamba ndi kulonjera akuluakulu onse mmodzimmodzi, maudindo awo ndi madigiri awo, ndipo wina ataiwala kutchula mkazi wa msungichuma anabwerera poyambirira. Konadu ankamvera pawindo, diso lili pa kamzere ka pa laputopu kosonyeza kufola kwa nguli. Kamzereko kanali pamwamba, kokongola, kosagwedezeka.

Wofotokoza mbiri ya wapampando atangofika pa chaka chimene Pulofesa anabatizidwa, magetsi anathima. Zokuzira mawu zinangoti zii. Posakhalitsa Konadu anamva mapazi akuthamangira kuseri kwa chipinda chake.

“Dokotala, tibwerekeniko jenereta kamphindi,” anatero a Lamptey pawindo, anyamata awo atagwira kale chingwe.

“Bambo Lamptey, musayerekeze! Leza ikazima mpweyawu uyamba kufa. Muli moyo wa munthu m'botolomu!”

“Dokotala, Dokotala. Ndiye mukuti wapampando ayankhule ndi pakamwa pokha ngati wogulitsa nsomba? Alendo onsewa atiyesa chiyani? Ndiponso makina anuwa mwanena nokha kuti mukungowatenthetsa. Atentha mokwanira.”

Chingwe chinasololedwa. Phokoso la makina linatsika pang'onopang'ono mpaka kutheratu, ndipo kunja zokuzira mawu zinatsokomola n'kudzuka. Konadu anaima pakati pa chipinda atapsa mtima. Akanatha kulumpha riboni, koma akanakamenyana ndi yani? Anachita chokhacho chimene chinatsala. Anaziziritsa botolo lagalasi, n'kukankhira zenoni yense m'kathumba kapulasitiki kokhala ndi kapaipi ndi chopanira. Kathumbako anakaika m'bokosi la maginito, limene limachedwetsa kuiwala kwa nguli koma silikuletsa. Kamzere ka pa laputopu kanayamba kutsetsereka.

Anadzitonthoza ndi mfundo imodzi. Ngakhale nguli zitaiwala zonse, bola mpweyawo uli m'kathumba. Akanatha kuubwezera m'botolo, kuyatsanso leza mawa, n'kuzifoletsanso. Chimene sakanatha munthu ndi kutola mpweya womwazikira mumlengalenga.

Pulofesa Ofosu-Baah anaimirira. Anali bambo wa chifuwa ngati mgolo, woimba besi mu kwaya ya kutchalitchi kwawo, wokhoza kunena ndime yonse osapumira. Anayamba ndi kulonjeza kuti sachulutsa gaga m'diwa, ndipo ife odziwa tinavula nsapato pansi pa mipando. Anatiyendetsa wapansi kuchoka kumudzi kwawo kupita kusukulu opanda nsapato. Anatikweza ndege, tinazizidwa naye limodzi kunja, tinabwerera naye kudzatumikira dziko ngakhale azungu ankamugwira mwendo kuti asachoke. Atafika pa nkhani ya leza anati makolo athu ankaidziwa kalekale, kungoti analibe magetsi. Anathokoza kwambiri komiti yogula zinthu chifukwa cha changu chake. Pulofesa anamutchula Konadu kamodzi kokha, kuti “mwana wathu wamkazi ali mkatimu.”

“Ndamva,” anatero Pulofesa, “kuti makina amenewa amatenga tinthu tosamva, tamakani, toloza uku ndi uku, n'kutifoletsa kuti tiloze kumodzi. Ndawauza a Lamptey kuti afufuze ngati sitingawalitsire kuwala komweku pa bungwe la aphunzitsi.”

Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti, ndipo amene anaseka kwambiri anali a bungwe la aphunzitsi.

Foni ya Konadu inalira. Anali Akpene. “Chemwali, sikana ndaitsekera odwala ena, anthu akunditukwana pabenchi apa. Mwafika pati?”

“Pa mbiri yakeyi wapampando wangobwerako kunja. Sanakwatirebe.”

“Mayo ine! Ndiye tidakali ndi ana ndi zidzukulu. Mpweya uli bwanji?”

“Watsika, koma ukadalipo. Akamaliza posachedwa chithunzi chituluka.”

Pawindo Konadu ankawaona amalume ake pamzere wakutsogolo, pamene anawakhazika kuti makamera awapeze. Chifuwa chikawagwira ankaluma nsonga ya nsalu yawo, mapewa akugwedezeka, misozi ikutsika, kuti asadule mawu a wamkulu. Zimenezi zinamupweteka Konadu kuposa kamzere kaja.

Chilichonse chili ndi mathero, ngakhale mawu a wapampando. Gulu lonse linanyamuka kubwera pakhomo, mtsikana wovala mikanda atanyamula sizasi pa mbale. Pulofesa anadula riboni, anthu anawomba m'manja, Konadu ananyamula bokosi lake. Koma wojambula wa yunivesite anakuwa kuti batire linamuthera pa nthawi yolakwika. A Lamptey anatambasula dzanja kumubweza Konadu mkati, analumikiza riboni ndi mfundo, ndipo Pulofesa anadulanso, ulendo uno mochedwa, akumwetulira kumanzere ndi kumanja.

Pomaliza Konadu anatuluka. Anatsegula bokosi, natulutsa kathumba kotupa bwino, n'kukapereka kwa wapampando ndi manja awiri. Mumtima ankawerengera mtunda wa pabwalopo kukafika ku sikana, ndipo anaona kuti zitheka. Chithunzi sichikhala chowala monga ankafunira, koma Akpene aona chimene akufuna. A Agyekum anaimiritsidwa pambali pa Pulofesa, makamera anakonzeka.

Apo mpamene mtolankhani wina wa pawailesi, mtsikana wa mawu akuthwa, anatambasula chojambulira mawu chake.

“Bwana wapampando, anthu kunjaku akuti mpweya umenewu wawombedwa ndi leza. Kodi bambo okalambawa sapsa nawo m'kati?”

Konadu anatsegula pakamwa kuti ayankhe, koma funso silinali lake. Pulofesa anakweza kathumba kuti onse akaone.

“Funso labwino, mwana wanga. Ife kwathu kuno, ukamupatsa mlendo chipanda cha uchema, umayamba walawa wekha, aone kuti mulibe kanthu. Ndi mwambo wa makolo, ndipo sayansi sinabwere kudzathetsa mwambo. Lero yunivesite ndiyo ikupereka chipanda. Ndipo yunivesite, pamalo ano, ndine.”

Anthu anavomereza ndi mitu. Zala zonenepa za Pulofesa zinayamba kufunafuna chopanira.

Konadu sanadziwe nthawi imene dzanja lake linanyamuka. Anangopeza lagwira kapaipi, molimba.

“Pulofesa, pepani, sizitheka. Ndi kamodzi komweka. Ndi ka wodwala.”

Ng'oma imene inkalira chapansipansi inaleka. Pabwalo ponse panangoti zii, moti tinamva chivindikiro cha mphika wa jolofu chikugwa kuseri kwa tenti. Kumwetulira kwa Pulofesa kunatsala pamilomo, koma m'maso kunachoka.

“Ndingolawa pang'ono, Dokotala.”

“Palibe pang'ono, Pulofesa. Mukatsegula, watha.”

“Mukundiletsa?” anafunsa motsitsa mawu. “Pamaso pa anthu onsewa? Paja dzina lanu ndi Twumasi, eti?”

“Dokotala, siyani!” ananong'oneza a Lamptey, thukuta lili kamukamu. “Mwapenga? Komiti ikukumana mwezi wamawa!”

Konadu anamva, ndipo anadziwa bwino tanthauzo lake. Mantha anali nawo, koma mtima unali utasankha kale. Ntchito ipite, makina apite, bola amalume ake ajambulidwe. Anakoka kapaipi, Pulofesa nayenso anakoka, ndipo makamera onse anatembenukira pa manja awiriwo.

Kenako dzanja lachitatu linafika pamwamba pa la Konadu, lokhakhala ngati mwala wonolera. Linayamba kumasula zala zake chimodzichimodzi, mofatsa, monga linkachitira kale akagwira mpeni ali mwana.

“Amalume, ayi,” anatero Konadu.

A Agyekum sanamuyang'ane. Anatenga kathumbako, anatsitsa nsalu paphewa monga achitira munthu pamaso pa wamkulu, navula nsapato n'kuziponda pamwamba.

“Mumukhululukire, bwana,” anatero, akupumira pakati pa mawu. “Ndinamulera ndine. Si wamwano ayi. Masiku ano sakugona chifukwa cha ine, ndiye mutu wazungulira. Chipandachi n'changa, si chake. Ndipo ine sindingamwe wamkulu asanalawe. Lawani, bwana.”

Anapereka ndi manja awiri, atawerama. Anthu anapumira pamodzi, amayi ena anati eeh, awa ndiye makolo, ulemu wotere unatha. Kumwetulira kunabwerera m'maso mwa Pulofesa. Anawasisita a Agyekum paphewa, anatembenukira ku makamera, anatsegula chopanira, naika kapaipi pakamwa.

Kulawa kwa woimba besi si kulawa kwa ine ndi inu. Kathumbako kanangoti fwaa, n'kumamatirana ngati chikwama cha mphunzitsi pakati pa mwezi.

Zenoni ndi mpweya wolemera, ndipo umatsitsa mawu a munthu. Pulofesa atatsegula pakamwa kuti anene kuti “amayi ndi abambo,” panatuluka mawu ngati a ng'ombe yamphongo imene yagwera m'chitsime. Iye mwini anadzidzimuka. Anayesanso, mawu anatsikirabe. Ndiye poti mpweyawu umazunguzanso mutu pang'ono, wapampando wa khonsolo anayamba kuseka chikhakhali, akudzandira, a Lamptey atamugwira m'chiuno.

“Sayansi!” anabangula. “Sayansi ikugwira ntchito!”

Bwalo linaphulika. Ng'oma zinalira, amayi anavina akugwedeza mipango, mtolankhani uja anapempha Pulofesa kuti anenenso kamodzi, koma mawu anali atabwerera kale mwakale. Palibe mwambo wa pa yunivesite yathu umene anthu anaukonda ngati umenewu, ndipo mpaka lero ukautchula anthu amaseka. Konadu anaima pakati pa chisangalalocho akuyang'ana m'mwamba mwa tenti, mmene nguli zake zonse, zimene anazifoletsa ndi zaka za moyo wake, zinamwazikira pamodzi ndi fungo la jolofu.

A Lamptey analengeza gawo lomaliza la pulogalamu, ndipo bwalo linakhuthukira kuseri kwa tenti. Akpene anatulukira kuchokera kuchipatala, chovala chake choyera chikuuluka.

“Wodwala wanga ali kuti? Ndamva ng'oma, ndati basi atha.” Anaona kathumba kophwa kali pansi, wina atakaponda kale. Anakatola. “Wamwa ndani?”

Konadu analoza ndi mlomo kumene Pulofesa ankalandira mbale ya nkhuku.

“Mapapo abwino koposa m'dziko muno,” anatero Akpene, “ndipo sitinawajambule n'komwe.” Anafuna kuseka koma sizinatheke. Anamugwira mnzakeyo pamkono. “Popanda chithunzi sindidula, Konadu. Ukudziwa. Ndiyesa kuimbira anzanga akunja, mwina wina ali ndi botolo.” Ananena zimenezi akuyang'ana pansi, ndipo onse awiri ankadziwa kuti botolo lililonse lidzayenera kudutsa m'makomiti omwe aja.

Konadu anawapeza a Agyekum atakhala pa sitepe ya chipinda cha makina, zidutswa za riboni zikulendewera kumbuyo kwawo. Wina anali atawapatsa mpunga wa m'kabokosi, ndipo unali pamaondo osatsegula. Ankapuma ngati munthu amene wakwera phiri.

Konadu anaima patsogolo pawo. Chibadwire anali asanawakalipirepo.

“Ndinakuuzani kuti ndi kamodzi!”

“Unandiuza.”

“Ndinakuuzani kuti kakatha, katha! Munamva kapena simunamve?”

“Ndinamva, iwe. Khala pansi, ukundichititsa chizungulire.”

Sanakhale. Misozi inali ikutsika, ya ukali ndi ya chisoni pamodzi. “Ndiye bwanji, amalume? Ndinali nditagwira. Akanasiya. Pamaso pa makamera akanasiya!”

“Akanasiyadi,” anatero a Agyekum. Anadikira mpweya. “Ndinamuona m'maso. Ndagwira ntchito pansi pa akapitawo a maso amenewo. Amasiya lero, koma saiwala.” Anadikiranso. “Ndiye ine ndijambulidwe, anding'ambe, mwina ndichire. Ndizikhala pakhonde ndi mapapo anga osokedwawo, ndikukuonerera iwe ukugulitsa madzi a m'mapepala pa siteji ya minibasi za trotro? Miyala yonse ija ndinaphwanyira zimenezo?”

“Ntchito ndikanapeza ina.”

“Makinawa ukanasenza pamutu? Akanakhoma chitseko ichi, n'kubwezeramo mipando yawo yothyoka.” Anagogoda pachifuwa ndi chala. “Awa ntchito yawo adagwira kale, Konadu. Adakufikitsa m'chipinda muno. Sindikanalola kuti akutulutsemonso okha.”

Konadu anakhala pansi pa sitepe, nabisa nkhope m'manja. Amalume ake anamusiya alire. Patapita nthawi anamugunda ndi chigongono.

“Koma wamva mmene anabangulira? Sayansiii!” Anayesa kutsitsa mawu ngati Pulofesa, kuseka kunawagwira, kusekako kunasanduka chifuwa, ndipo chifuwacho chinatenga nthawi yaitali kuti chiwasiye. Konadu anawagwira msana mpaka chinatha.

Mkati mwa chipinda china chake chinalira, mafani anayamba kuzungulira. Magetsi anali atayaka. Nthawi yomweyo a Lamptey anadutsa, fupa la nkhuku lili m'manja, nkhope ikuwala ngati ya munthu amene wakwatitsa mwana.

“Dokotala! Mwambo wayenda bwino zedi. Wapampando akondwa, akuti za kamphindi kaja aiwala, tithokoze bambo athuwa. Ndiye makina anu tsopano ndi otsegulidwa mwalamulo. Mutha kuyamba kuwagwiritsa ntchito.”

Konadu anaimirira. Analowa n'kuzimitsa makina, anakhoma chitseko. Anatenga mpunga wa amalume ake dzanja limodzi, linalo anawagwira m'khwapa, ndipo anayamba ulendo wopita kugeti. Kamphepo kouma kanali katayamba kuwomba kuchokera kumpoto, kakuulutsa mapulogalamu otayidwa pabwalo. A Agyekum anakokera nsalu yawo yoyera pamphuno, ndipo anaima kuti apume pansi pa mtengo woyamba.